Nswala ya Nyambo pa Mbale ya Taprammi

M'chaka cha 1990, anthu amene ankakumba dothi pa ntchito yomanga damu pafupi ndi mudzi wa Kınık, m'chigawo cha Kastamonu kumpoto kwa dziko la Turkey, anatulukira mulu wa ziwiya zakale kwambiri. Zina zinali zikho zosulidwa ngati mitu ya nkhunzi. Pakati pa zonsezo panali kambale kamodzi, kotambalala masentimita osafika 20, kukula ngati kambale kathu ka ndiwo. Thupi lake lonse ndi nyama zokhazokha, zondandalikidwa m'mizere yozungulira: mikango ikulimbana ndi ng'ombe, nguluwe ikuyang'anizana ndi munthu wa nthungo, nswala zikugwa ndi mivi. Chakumlomo kwake kuli malemba otchula mwini mphatsoyo, munthu wina dzina lake Taprammi, amene anapereka mbaleyo kwa mulungu wake m'zaka za m'ma 1200 BC. Lero kambaleko kali m'nyumba yosungira zinthu zakale ya mumzinda wa Kastamonu.

Amene amafufuza za Ahiti, eni ziwiyazi, ali ndi mawu awoawo ofotokozera zinthu ngati zimenezi, ndipo pafupifupi liwu lililonse lili ndi msampha wake. Nawonso Ahitiwo dzina limene timawaitanira si limene ankadziitanira. Ife tinalidziwira m'Baibulo, pa nkhani ya Uriya, mwamuna wa Batiseba. Koma eni ufumu umene likulu lake linali Hattusa, pamalo pamene lero pali mudzi wa Boğazkale, ankati dziko lawo ndi la Hatti, chinenero chawo n'cha mzinda wa Nesa. Ufumuwo unalipo kuyambira cha m'ma 1650 BC mpaka unatha chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100 BC, Davide asanabadwe n'komwe.

Msampha woyamba uli pa chitsulo chenichenicho. Ife timati mkuwa, ndipo Baibulo lathu limagwiritsa liwu lomwelo pa mkuwa weniweni ndi pa mkuwa wosakaniza. Alembi a ku Hattusa ankasiyanitsa: mkuwa wokhawokha ankaulemba URUDU, wosakaniza ndi tini ankaulemba ZABAR, umene ambiri timaudziwa lero ngati bulonzi chifukwa cha mendulo za pamasewera. Kusiyanaku si kwa akatswiri a mawu okha. Mkuwa unkapezeka m'mapiri a Anatolia ndi pachilumba cha Cyprus, koma tini wambiri ankachokera kutali kum'mawa. Zaka mazana angapo Taprammi asanabadwe, amalonda a ku Assur ankabwera naye pa abulu mpaka ku Kanesh, mzinda womwewo wa Nesa, n'kumasinthanitsa ndi siliva. Chombo chimene chinamira ku Uluburun, kugombe la kumwera kwa Turkey, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300 BC, chinanyamula matani pafupifupi 10 a mkuwa ndi tani imodzi ya tini, muyeso womwewo umene wosula amafuna kuti atulutse bulonzi wabwino. Choncho munthu asanaone n'komwe chimene chajambulidwa pa mbale, chitsulocho chinali chitamuuza kale kuti mwini wake ali ndi dzanja lofika kunkhokwe za kunyumba ya mfumu. Komabe tisachikweze mopitirira. M'kaundula wa katundu wa m'nyumba za milungu, siliva ndi golide ndiye ankatsogola. Bulonzi chinali chitsulo cha munthu wolemera, osati cha wolemera kuposa onse.

Msampha wachiwiri ndi nyamayo. Ndikuitcha nswala potsata omasulira Baibulo, amene anasowa liwu n'kubwereka la nyama yakwathu. Koma nyama ya pa mbale ya Taprammi kuno kulibe. Mbawala, mphalapala ndi ngoma zimakhala ndi nyanga zomwezo moyo wonse. Nswala ya m'mapiri a Anatolia, yaimuna yokha ndiyo imamera nyanga, zamphandamphanda ngati nthambi za mtengo wouma, ndipo chaka chilichonse zimathothoka n'kumeranso zina zazikulu kuposa zakale. Munthu amene waona zimenezi ndi maso sangadabwe kuti anthu anaiyesa nyama ya mulungu. M'chinenero chawo ankaitcha aliya, koma polemba kawirikawiri ankaika zizindikiro za Chisumeri, DÀRA.MAŠ.

Kalembedwe kameneka kamasokoneza aliyense woyamba kuwerenga za Ahiti, ndiye ndikafotokoze pang'ono. Alembi awo anatengera malemba okhomerera padongo ku Mesopotamia, ndipo anatengera pamodzi ndi mawu ambiri a Chisumeri ndi Chiakadi. Ankalemba liwu lachilendolo koma powerenga ankatchula lawo, monga mmene ife timalembera 5 n'kuwerenga kuti zisanu pamene Mfalansa akuwerenga zake. Akatswiri amalemba mawu oterewa ndi zilembo zazikulu kuti owerenga adziwe kuti chimene chili padongopo si chimene chinkatuluka pakamwa. Zotsatira zake n'zakuti pali mawu ena wamba a Chihiti amene anabisala kuseri kwa zizindikirozi mpaka lero, ngakhale kuti Bedřich Hrozný anamasula chinenerochi kalekale mu 1915.

Mulungu wa nswala naye anabisala chimodzimodzi. Padongo amalembedwa LAMMA. Kuseri kwa chizindikirocho kuli mayina angapo: Innara m'Chihiti, Kurunta kapena Runtiya m'Chiluwi, chinenero chachibale chimene ankalembera pamiyala ndi pazidindo pogwiritsa ntchito zithunzi. M'malemba azithunziwo dzina lake ndi mutu wa nswala, kapena nyanga imodzi yokha. Ojambula ankamuimika pamsana pa nswala, dzanja lina atagwira mbalame yolusa, lina ndodo yopindika kapena uta. Mabuku a masiku ano amamutcha mulungu woteteza, koma ine dzina limenelo ndimaliona lofewa kwambiri. Limodzi mwa maudindo ake linali la gimra, kutanthauza thengo, dziko lonse limene lili kunja kwa linga la mzinda ndi kunja kwa minda. Iye anali mwini thengo. Ndipo mwini chinthu samangoteteza, amathanso kumana.

Nthano ya Kessi, imene Ahiti anatengera kwa anansi awo Ahuri, imaonetsa bwino mbali yomanayo. Kessi anali mlenje wodziwika, koma atakwatira mkazi wokongola, Sintalimeni, anaiwala thengo, anaiwalanso kupereka nsembe kwa milungu. Mayi ake atamudandaulira kuti sakuwabweretseranso kanthu, ananyamula nthungo, anaitana agalu ake n'kukwera phiri. Milungu inamubisira nyama zonse. Anayendayenda miyezi itatu, akuchita manyazi kubwerera kumudzi chimanjamanja, mpaka anadwala. M'maganizo amenewa, mlenje amene wapha nyama sakuonetsa luso lokha. Akuonetsa kuti mwini thengo wamulola. Mfundo yonse ya zithunzi za kusaka za Ahiti, mmene ndimaionera ine, yagona pamenepa: nyama yakufa ndi umboni wakuti mulungu akukuyanja.

Tsopano tibwerere pa mbale ija, pa kachinthu kamene diso lothamanga lingakaphonye. Pafupi ndi mlenje wa uta pali nswala imodzi imene sikuthawa. Ili ndi chingwe. Imeneyo ndi yoweta, ndipo ntchito yake ndi imene ife tili ndi liwu lake lenileni, nyambo. Nyengo yokwerana ikafika, nswala zazimuna zimalira mokweza ndipo sizilola inzake kuyandikira zazikazi zake. Mlenje ankamangirira yowetayo pamalo oonekera, iye n'kubisala. Yam'thengo ikabwera kudzamenyana ndi mlendoyo, inkakumana ndi muvi. Chithunzi chomwechi chinasemedwanso pamiyala ikuluikulu ya pachipata cha mzinda wa Alaca Höyük, pamene pali woponya uta atagwada, nswala yomangidwa patsogolo pake, komanso wina akulasa nguluwe ndi wina akubaya mkango mothandizidwa ndi agalu.

Kuti zimenezi sizinali zongopeka za ojambula, malamulo a Ahiti amachitira umboni. Muli ndime yonena za munthu woba nswala yophunzitsidwa kapena mbuzi ya m'mapiri yophunzitsidwa, ndipo mlandu wake unali wa chiweto chamtengo wapatali, osati wa nyama yam'tchire yopanda mwini. Muli ina yonena za woba mbalame zophunzitsidwa. Agalu nawo anali ndi mitengo yawo: wopha galu wa mbusa ankalipa masekeli 20 a siliva, galu wa mlenje masekeli 12, galu wapakhomo sekeli imodzi. (Mbusa kupambana mlenje: olemba malamulo ankadziwa kumene chakudya chenicheni chimachokera.) Alenje a ntchito ankalembedwa ndi zizindikiro zotanthauza kuti anthu a agalu, ndipo anali antchito wamba, ena a iwo otumikira m'nyumba za milungu. Choncho panali kusaka kuwiri. Kwina kunali ntchito ya munthu wotumidwa. Kwina kunali kwa munthu amene angathe kudyetsa nswala chaka chonse, ndi woisamalira wake, kuti akaigwiritse ntchito masabata ochepa a nyengo yokwerana. Mbale ya Taprammi ikunena za kusaka kwachiwiriku.

Mafupa amene anafukulidwa ku Hattusa amatsimikiza kuti nkhaniyi siinali ya m'mimba. Ochuluka kwambiri ndi a ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi. A nyama zam'thengo ndi ochepa zedi. Mzindawo ukanakhuta ngakhale popanda mlenje ndi mmodzi yemwe.

Nanga n'chifukwa chiyani mafumu ankalimbikira kudzitcha alenje? Mwambowu ndi wakale kuposa ufumu wa Hattusa. Anitta, mfumu ya ku Kanesh ya m'zaka za m'ma 1700 BC, m'malemba amene amawerengedwa ngati mbiri yakale kwambiri ya m'Chihiti, atatha kufotokoza mizinda imene anagonjetsa ndi nyumba za milungu zimene anamanga, akuwonjezera kuti anapita kosaka n'kubweretsa ku Nesa mikango iwiri, nguluwe 70 ndi nyama zina zambirimbiri, akambuku, nswala ndi mbuzi za m'mapiri. Kugonjetsa adani, kumangira milungu, kugonjetsa thengo: kwa iye zitatuzi zinali ntchito imodzi. Ndipo chinthu chodziwika kwambiri chimene chatsala chokhala ndi dzina lake ndi mpeni wa bulonzi, umene ena amautcha msonga ya nthungo, wopezeka ku Kültepe, pamalo a Kanesh wakale, wolembedwa kuti ndi katundu wa nyumba yachifumu ya Anitta.

Patapita zaka pafupifupi 500, Hattusili III, mfumu ya ku Hattusa, yemwe uja anapangana mtendere ndi Ramesses II wa ku Iguputo, analembera kalata mfumu yachinyamata ya ku Babulo, Kadashman-Enlil II. Anaiuza kuti wamva zoti tsopano yakula ndipo imapita kosaka, ndipo pompo anailimbikitsa kuti ikathire nkhondo dziko la adani. Kwa mkuluyo kusaka kunali ngati chinamwali cha mfumu: wayamba kupha nyama, ndiye kuti wakwana kutsogolera asilikali.

Mwana wake, Tudhaliya IV, amene analamulira kuyambira cha m'ma 1237 BC, ndiye anafika nazo patali. Anakhazikitsa chikondwerero cha milungu yonse yotchedwa LAMMA, ndipo m'ndandanda wa nsembe zake muli mapiri ndi madera amene mfumuyo imayendamo ndi kusakamo. Maguwa a miyala opezeka ku Emirgazi, olembedwa m'dzina lake, amatchula mulungu wa nswala ndi phiri la Sarpa. David Hawkins, katswiri wa malemba azithunzi a Chiluwi, anafika pomutcha Tudhaliya mlenje. Kutchula mapiri mmodzimmodzi chotero kunali kuponda malire. Phiri limene mfumu yasakamo n'kuthirapo nsembe lalowa m'dziko lake, ndipo mwini phirilo wavomera.

Taprammi anakhala m'nthawi imeneyi kapena pafupi nayo, ndipo apa mpamene mbale yake ikukomera. Iye sanali mfumu. Udindo umene uli pambali pa dzina lake ndi umene padongo unkalembedwa LÚ.SAG, m'Chiakadi ša rēši, munthu wa kumutu, ndiye kuti woima pafupi ndi mutu wa mfumu. Mabuku ambiri amamasulira liwuli kuti mfule, mwamuna wofulidwa, ndipo akatswiri akhala akukangana ngati ku Hattusa linkatanthauzadi zimenezo kapena linkangonena nduna ya m'kati mwa nyumba. Owerenga Baibulo mkanganowu si wachilendo kwa iwo, ngakhale sadziwa kuti ndi womwewo. Liwu la Chiheberi lakuti saris linachokera ku ša rēši, ndipo ndi limene likunenedwa pa Potifara, amene tonse tikudziwa kuti anali ndi mkazi. Omasulira athu akale anapeza njira yozembera ndi liwu lakuti mdindo. Kaya thupi la Taprammi linali lotani, chimene udindowo ukunena mosabisa ndi kuyandikira. Dzina lake lapezekanso pamwala wa ku Hattusa ndi pachidindo chimene chinadindidwa pa chikalata cha ku Ugarit, mzinda wa kugombe la Syria umene unali pansi pa Ahiti. Anali munthu woyenda ndi nkhani za mfumu mpaka kunyanja.

Munthu wotereyu atafuna kupereka mphatso kwa mulungu, anasankha chinenero cha mbuye wake. Akatswiri amakonda kunena kuti zithunzi zotere zimasonyeza ulemerero wa anthu apamwamba, ndipo n'zoona, koma mawuwo ndi otakata kwambiri moti sagwira kanthu. Chimene mbaleyo ikunena n'chachindunji: ine ndili m'gulu la amene amakwera phiri ndi mfumu. Ndiponso omvera ake sanali khamu la anthu a kumsika. Mbale ya nsembe inkakhala m'nyumba ya mulungu, yoonedwa ndi ansembe, nduna zinzake ndi mulunguyo. Kunali kudzitama kwa m'kachipinda, pakati pa anthu odziwana.

Pali chiwiya china chimene sitingachilumphe ngakhale si cha bulonzi. Ku Metropolitan Museum of Art ku New York kuli chikho cha siliva chosulidwa ngati nswala yogwada, chimene chinachokera m'katundu wa Norbert Schimmel. Mabuku amachitcha rhyton, liwu la Chigiriki lochokera ku mneni wotanthauza kuyenda kwa madzi, loyenera chikho chobooka pansi chimene chakumwa chimatulukira pa kabowo. Ahiti sankalidziwa liwulo. Iwo ankalemba BIBRU, la Chiakadi, pa zikho zonse zooneka ngati nyama, ndipo chikhochi ndi chomwera pakamwa pake basi. M'malemba a miyambo yawo muli kanenedwe kamene kavutitsa omasulira kwa zaka zambiri, kakuti mfumu imamwa mulungu wakutiwakuti. Ena amati tanthauzo lake ndi kumwa polemekeza mulunguyo. Ena amati chikho chooneka ngati nyama ya mulunguyo chinkaimira iye mwini, kotero kumwera m'chikho cha nswala kunali kumwa mulungu wa nswala. Ine ndimapendekera kwa achiwiriwa, chifukwa alembi amene ankasamala mawu a miyambo mpaka kachizindikiro kamodzi sakanalemba chinthu chodabwitsa chotero mobwerezabwereza mwangozi.

Kuzungulira mlomo wa chikhocho kuli chithunzi cha zimene zimachitika kusaka kukatha. Mulungu waima pa nswala yake, wina wakhala pampando atagwira mbalame, ndipo amuna atatu akubwera ndi nsembe, woyamba akuthira chakumwa pansi. Kumbuyo kuli mtengo. Pansi pake pagona nswala yophedwa, nthungo ziwiri zazikidwa m'nthaka, ndipo pamwamba papachikidwa phodo ndi thumba.

Thumba limenelo ndilo liwu lokoma kuposa onse m'nkhaniyi: kursa. Kwa nthawi yaitali omasulira ankaliyesa chishango kapena chikopa cha nkhosa chabe, mpaka Hans Güterbock, poyerekeza malemba ndi chithunzi cha pachikhochi, anaonetsa mu 1989 kuti ndi thumba la mlenje, losokedwa ndi zikopa za mbuzi kapena nkhosa. Koma thumbali linakula kuposa ntchito yake. Linkapatsidwa nsembe ngati mulungu. Linali ndi nyumba yakeyake ku Hattusa. Likakalamba ankasoka latsopano, lakalelo n'kulitumiza kumizinda ina kuti likapitirize kulemekezedwa kumeneko. Mulungu wina, Zithariya, amene ankaperekeza mfumu ku nkhondo, ankapembedzedwa m'maonekedwe a thumba lomweli. M'nthano ya Telipinu, mulungu amene anakwiya n'kuchoka dziko n'kuuma, chizindikiro chakuti mtendere wabwerera ndi kursa lopachikidwa pamtengo wosayoyola masamba, m'kati mwake muli mafuta a nkhosa, tirigu, vinyo, ziweto, zaka zambiri ndi ana. Thumba limene mlenje ankabweretseramo nyama kunyumba linasanduka chotengera cha zabwino zonse za dziko, ndipo wolandira thumbalo m'malo mwa anthu onse anali mfumu.

Chenjezo limodzi kwa amene angapite ku Ankara. M'nyumba yosungira zakale ya Anatolia mumzindawo muli nswala zokongola za bulonzi zokongoletsedwa ndi siliva, zochokera m'manda a mafumu a ku Alaca Höyük amene anayamba kufukulidwa mu 1935. Chimodzi mwa zizindikiro za m'mandamo chinakulitsidwa n'kuimikidwa pamphambano ya Sıhhiye, ndipo anthu amachitcha dzuwa la Ahiti. Si cha Ahiti. Manda amenewo ndi a m'zaka za m'ma 2000 BC, zaka mazana ambiri ufumu wa Hattusa usanayambe, ndipo pa nswalazo palibe mlenje, palibe muvi. Zimangotiuza kuti Ahiti anapeza nyamayi ili kale yopatulika m'dzikomo.

Dzina la mulungu wa nswala linalinso dzina la anthu, ndipo wotchuka kwambiri anali Kurunta, mwana wa Muwatalli II. Muwatalliyo ndi bambo a Tudhaliya IV anali ana a bambo mmodzi. Kurunta anali ndi magazi omuyenereza mpando wa Hattusa, koma anapatsidwa dziko la Tarhuntassa kumwera. Pangano la pakati pa awiriwa linalembedwa pa chimbale cha bulonzi cholemera makilogalamu pafupifupi 5, chokhala ndi maunyolo awiri, ndipo ndi pangano lokhalo la Ahiti lolembedwa pachitsulo limene lapezeka. Mawu ake omaliza amanena kuti linakonzedwa m'makope asanu ndi awiri, ndipo limodzi linaikidwa m'nyumba ya mfumu pamaso pa Zithariya, mulungu wa thumba uja. Pathanthwe la ku Hatip, pafupi ndi Konya, pali chithunzi cha mwamuna atakoleka uta paphewa, nthungo ili m'manja, ndipo pambali pake palembedwa dzina la Kurunta ndi udindo wa Mfumu Yaikulu, umene unali wa mwini Hattusa yekha. Chimbale cha panganolo anachipeza mu 1986 pafupi ndi chipata cha kumwera kwa Hattusa, osati m'nyumba ya mulungu aliyense, koma m'dzenje, chitakwiriridwa pansi pa miyala ya msewu.